Kusunga Nthaka ndi Madzi M'minda ya Pamtsetse: Kabuku ka Mabanja a ku Kanjedza ndi Madera Oyandikana

Mvula yamphamvu ikagwa mu Disembala, tulukani ikangokata, mukaime pambali pa ngalande iliyonse ya ku Kanjedza kuno, kapena pamlatho wa Mudi, kapena wa Naperi. Madzi ake amakhala ofiira, olemera ngati thobwa. Kukacha mupeza anyamata ali ndi mafosholo, akuunjika mchenga m'mphepete mwa msewu kuti agulitse kwa omanga nyumba. Mchengawo dzulo lake unali m'munda mwa munthu, m'mbali mwa phiri la Soche, la Ndirande, la Bangwe kapena la Mpingwe. Unatsika pamodzi ndi dothi lachonde, manyowa, ndi fetereza amene mwini munda anagula movutikira.

Ambiri a ife m'tauni muno timadalira ntchito, geni kapena ganyu, komabe tili ndi kamunda kwinakwake: kuseri kwa nyumba, kuphiri, kapena kumudzi kumene timapita Loweruka. Blantyre ndi mzinda wa zitunda ndi makwawa, ndiye minda yathu yambiri ili pamtsetse. Kabuku kano ndi ka mabanja otere. Zonse zimene zalembedwa muno zikufuna khasu, chikwanje, chingwe, miyala ndi manja. Palibe chofuna ngongole.

Dothi limene likutithawa

Kafukufuku amene boma linachita mothandizana ndi bungwe la FAO anapeza kuti m'chaka cha 2014 hekitala imodzi m'Malawi muno inkataya dothi lokwana pafupifupi matani 29 pachaka, tikaphatikiza malo onse. M'chaka cha 1992 a World Bank anali atapeza matani 20. Matani 29 ndi matumba 580 a makilogalamu 50. Munthu atabwera ndi lole usiku n'kupakira matumba ochuluka chotere m'munda mwanu, mudzi wonse ungadzuke. Koma mvula imatenga mwakachetechete. Dothi limeneli mukalimwaza pahekitala yonse, kuchindikala kwake ndi mamilimita awiri okha, ngati ndalama yachitsulo. N'chifukwa chake sitiona kanthu chaka choyamba ndi chachiwiri, mpaka tsiku lina timayamba kunena kuti m'munda mwamera miyala. Miyala simera. Dothi limene linkaiphimba ndi limene lapita.

Zizindikiro zina ndi izi: mizu ya chimanga kuonekera pamtunda, khasu kugunda katondo wouma pamene kale linkalowa mosavuta, chimanga cha kumtunda kwa munda kukhala chachikasu ndi chopinimbira pamene cha kumunsi chili bwino, ndi mbewu kufota pakangopita sabata imodzi ya ng'amba. Chomalizachi ndi chowawa kwambiri. Blantyre amalandira mvula yoposa mamilimita 1,000 m'zaka zambiri, yokwanira chimanga, koma madzi akathamanga pamwamba osalowa pansi, munda umakhala ndi ludzu pakati pa dzinja.

Dothilo likachoka kwa ife limakavutitsa ena, kenako vutolo limabwereranso kwa ife tomwe. La ku Ndirande limakadzaza damu la Mudi, limene a Blantyre Water Board amatengako madzi. Lochokera m'mitsinje yothira mu Shire limakakwirira malo opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komanso kusokoneza mapampu a ku Walker's Ferry kumene madzi ambiri a mumzinda uno amachokera. Mpopi ukauma ku Zingwangwa kapena magetsi akazima ku Chilomoni, minda ya pamtsetse ili ndi gawo lake pankhaniyo.

Nzeru yonse ya m'kabuku kano ndi imodzi. Madzi othamanga amanyamula dothi, madzi oyenda pang'onopang'ono amalitula n'kulowa pansi. Ntchito yathu ndi kuwachedwetsa, kuyambira pamene dontho lagwera.

Yambani kumtunda, ndipo musayambe nokha

Musanagwire khasu, pitani kumunda mvula ikugwa kapena itangokata. Onani pamene madzi akulowera, pamene akukumana, pamene akudula mizere ndi pamene akutulukira. Nthawi zambiri mupeza kuti madzi owononga kwambiri sagwera m'munda mwanu. Amachokera m'njira ya anthu, pathanthwe, pamsewu, kapena m'munda wa mnzanu wa kumtunda. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Pamene anadutsa chaka chatha adzadutsanso, choncho ikani zikhomo m'malo amenewo kuti mudzawakumbukire m'chilimwe.

Mukakonza kumunsi kokha, madzi ochokera kumtunda adzabwera ndi mphamvu n'kugumula zonse tsiku limodzi, inu n'kunena kuti njirazi n'zabodza. Choncho kambiranani ndi olima pamtsetse womwewo, kuyambira wapamwamba mpaka wa m'mphepete mwa khwawa. Ngati mukuona kuti nkhani ivuta, pitani kwa amfumu a m'dera lanu kuti akuitanireni anthu. Chinthu chimodzi musachite: kukumba ngalande yongotayira madzi m'munda kapena pakhomo pa mnzanu. Milandu yambiri ya m'dzinja m'makwalala mwathumu imayambira pamenepo.

Kuyeza kutsetsereka, ndi chipangizo cha mitengo itatu

Kuti mudziwe kutsetsereka kwa munda wanu, tengani ndodo yowongoka yotalika mita imodzi. Mbali imodzi igunde pansi chakumtunda, inayo muikweze mpaka ndodo itagona mofanana. Botolo la madzi losadzaza kwenikweni likuthandizani: ligonekeni pandodopo, kathovu ka mpweya kakakhala pakati ndiye kuti ndodo yafanana. Tsopano yezani kuchokera kunsonga yokwezedwayo kufika pansi. Mukapeza masentimita 5 kapena kucheperapo, malowo ndi otsetsereka pang'ono. Masentimita 10 mpaka 15 ndi mtsetse weniweni. Kupitirira 20, munda umenewo ukufuna chisamaliro chachikulu. Yezani malo atatu kapena anayi, chifukwa munda umodzi sutsetsereka mofanana paliponse.

Kenako pangani chipangizo chopezera mzere wopingasa, chooneka ngati chilembo cha A. Maso okha amanama. Mzere umene mukuuona ngati wapingasa bwino umakhala utapendekera mbali imodzi, madzi n'kumathamangiramo ngati mumtsinje.

Dulani nsungwi kapena mitengo iwiri yowongoka, uliwonse mamita 2, ndi wina wa mita imodzi ndi kachidutswa. Mangani iwiri italiitaliyo pamodzi kunsonga, miyendo itanyule mpaka italikirane mamita 2. Wachitatuwo mangani chopingasa pakatikati. Mangani zolimba ndi luzi, waya kapena mphira, pakuti chikamagwedera chimanama. Pansonga mangani chingwe, kumapeto kwake mulendewere mwala wonga chibakera, upitirire pang'ono mtengo wopingasawo.

Chisanagwire ntchito chiyenera kupatsidwa chizindikiro chake, ndipo apa ndi pamene ambiri amadumpha. Chiimikeni pansi, mulembe pamene mwendo uliwonse waponda. Mwala ukaleka kugwedezeka, lembani ndi mpeni kapena khala pamene chingwe chakhudza mtengo wopingasa. Tembenuzani chipangizocho kuti mwendo wakumanja uponde ndendende pamene panali wakumanzere, wakumanzere pamene panali wakumanja. Lembaninso pamene chingwe chakhudza. Pakati penipeni pa zizindikiro ziwirizo temani kamzera kooneka bwino. Chingwe chikagwera pakamzerako, miyendo iwiri yaponda malo ofanana msinkhu.

Ntchitoyi ndi ya anthu awiri kapena atatu, ndipo ana asukulu amaigwira bwino. Yambirani m'malire chakumtunda. Khomani chikhomo, ikani mwendo umodzi pamenepo, winawo muusunthe chokwera kapena chotsika mpaka chingwe chitagwera pakamzera, mukhomepo chikhomo china. Zungulitsani chipangizo pamwendo wachiwiriwo, woyamba upite kutsogolo, muyezenso. Pitirizani mpaka malire a mbali inayo. Mukamaliza, imani patali muone mndandanda wa zikhomo. Ukhala wokhotakhota motsata mmene malo alili, ndipo ndi mmene uyenera kukhalira. Chikhomo chimodzi chokha chikapatuka kwambiri chifukwa cha chulu kapena kadzenje, chibwezeni chifanane ndi zinzake. Tsiku lamphepo chingwe chimavuta, yezani m'mawa. Alangizi ena ali ndi chingwe cha levulo chimene chimafulumira pamunda waukulu, koma pakamunda ka m'tauni mitengo itatuyi ndi yokwanira.

Akalozera, mizere ndi ngonyeka

Potsata zikhomo zija, ungani mzere waukulu, wotalika ndi wotambalala pafupifupi theka la mita. Ameneyu ndiye kalozera. Pamalo otsetsereka pang'ono akalozera angatalikirane mamita 15 mpaka 20. Pamtsetse weniweni mamita 10. Pamalo otsetsereka kwambiri mamita 5 kapena 6. Kalozera saphwasulidwa chaka ndi chaka. Ndi wokhalitsa, ndipo mizere yonse ya mbewu imatsata iye.

Apa pali ntchito yowawa, sindikubisirani: kuphwasula mizere yakale n'kuunga ina motsata kalozera. Ungani theka kuchokera kwa kalozera wakumtunda kutsika, theka kuchokera kwa wakumunsi kukwera. Pakati padzatsala malo osafanana, mudzazemo timizere tatifupi. Mizere italikirane masentimita 75, monga alangizi amaphunzitsira, chimanga n'kubzalidwa mbewu imodzi paphando, masentimita 25 kuchokera phando lina. Mizere yotalikirana kwambiri imasiya ngalande zazikulu zothamangiramo madzi, komanso mbewu zimachedwa kuphimba nthaka. Ngati munda ndi waukulu, gawani: chaka chino chigawo chakumtunda, chaka chamawa chotsatira.

Kunsonga kwa mizere tsekani. Mzere wopingasa bwino koma wotsekuka kumapeto umangopereka madzi kunjira ya m'malire, ndipo chigwembe chimabadwira pomwepo.

M'ngalande za pakati pa mizere ikani ngonyeka, timizere todutsa totseka ngalande, pa mamita 2 kapena 3 alionse. Ngonyeka ikhale yofupikirapo kuposa mzere, kuti madzi akachuluka adumphe ngonyekayo n'kupita chammbali, osati kudumpha mzere n'kutsika. Za ngalande ina zisayang'anizane ndi za ngalande yotsatira. Munda wotere mvula ikagwa umaoneka ngati mabeseni ambirimbiri, ndipo patapita maola angapo madzi onse amakhala atalowa pansi. Pa ng'amba ya mu Januwale kapena Febuluwale ndi pamene mudzaone kusiyana kwake. Koma ngati dothi lanu ndi lamakande, losunga madzi masiku awiri kapena atatu, ndipo mvula yachita mvumbi, tsekulani ngonyeka zina kuti mbewu zisaole mizu.

Agogo athu ena akamva za milambala ndi mizere yopingasa nkhope imagwa, ndipo ali ndi chifukwa. Boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo la zachilengedwe mu 1946, ndipo m'zaka zotsatira anthu ankalipitsidwa chindapusa, kuzulidwira mbewu, ena kumangidwa, chifukwa cha malamulo a malimidwe. Mkwiyo umenewo unali m'gulu la zimene zinautsa zipolowe za 1953 ku Thyolo ndi madera ena a kum'mwera kuno. Cholakwika chinali chikwapu ndi kunyoza eni nthaka. Mzere wopingasa unalibe mlandu, ndipo lero amene akuuunga akudziungira yekha.

Udzu wa vetiva

Kalozera wadothi lokha amatha ndi mvula. Chimene chimamusandutsa linga ndi udzu wa vetiva. Mizu yake imalowa pansi molunjika mamita 2 kapena kupitirira, motero sulimbirana chakudya ndi chimanga cha pambali pake. Sufalikira m'munda ngati kapinga, umakhala pamene mwauika. Moto ukadutsa umaphukanso, ndipo mbuzi siziukonda ukakhwima.

Bzalani mvula itakhazikika, kumapeto kwa Disembala kapena mu Januwale, dothi lili lonyowa. Kumbani phata la vetiva, muligawe timagulu ta mapesi atatu kapena anayi tokhala ndi mizu yake. Dulani masamba atsale masentimita 15 mpaka 20, mizu itsale pafupifupi masentimita 10. Bzalani motsata kalozera, motalikirana masentimita 10 mpaka 15, ngati kutambalala kwa chikhatho, n'kutsendera dothi ndi phazi. Ambiri amalakwitsa pofuna kuti udzu wochepa ukwanire munda wonse, n'kubzala motalikirana theka la mita. Madzi amapeza mipata imeneyo, amathamangiramo mwamphamvu kuposa kale. Kuli bwino kumaliza mzere umodzi wothithikana kusiyana ndi isanu ya mipata. Pakatha milungu itatu yenderani, pamene pafa bwezeranipo.

Pofika dzinja lachiwiri udzu umakhala utagwirana. Madzi amasefedwa n'kudutsa pang'onopang'ono, dothi limatsalira kumtunda kwake, ndipo chaka ndi chaka pamenepo pamakwera mpaka munda umayamba kuoneka ngati masitepe, popanda inu kusenza dothi. Metani udzuwo kawiri pachaka, utsale kufika m'mawondo. Wometawo ndi wabwino kufolera khola, bafa kapena chimbudzi, kapenanso kuphimbira nthaka. Mbewu yake funsani kwa alangizi a zaulimi kapena kwa mnzanu amene ali nawo, ndipo mukapeza wochepa yambani ndi kanazale pamalo achinyezi. Phata limodzi limabereka timagulu tambiri pachaka. Oweta ng'ombe zamkaka kapena mbuzi za m'khola angabzale nsenjere, koma iyo imadya chinyezi cha mbewu zoyandikana nayo ndipo imafuna kudulidwa pafupipafupi.

Miyala ndi chuma

M'mbali mwa Ndirande, Soche ndi Bangwe miyala ili mbwee, ndipo timaiunjika pakona ngati zinyalala. Indandalikeni motsata zikhomo zija. Palani kangalande kosaya kuti ikhazikike, ikuluikulu pansi ndi chakumunsi, ing'onoing'ono yotseka mipata chakumtunda, mpaka msinkhu wa masentimita 25 kapena 30. Mzere wamiyala sugumuka ngati wadothi chifukwa madzi amadutsa m'mipata atasiya katundu wawo. Mukabzala vetiva m'mbali mwake, mwamanga chinthu chimene adzukulu adzachipeza.

Nthaka isakhale yamaliseche

Zonse tanenazi zimagwira madzi amene ayamba kale kuyenda. Koma kukokoloka kumayamba ndi dontho lenilenilo. Likamenya dothi losaphimbika limaliphwanya, tizidutswa timatseka timabowo ta nthaka, pamwamba n'kuuma gwa ngati pansi pozira. Yang'anani khoma la nyumba mvula itatha, muone pamene matope athovukira. Ndi mmene zimachitikira m'munda monse.

Mankhwala ake ndi kuphimbira. Mukakolola, mapesi agonekeni m'munda, musatenthe. Ndikudziwa zovuta zake m'tauni muno. Makala akwera mtengo ndipo mapesi amasanduka nkhuni, osaka mbewa amayatsa moto, mbuzi zimayendayenda. Ngati simungawasiye poyera, aunjikeni pamalo otetezeka, mulambule mozungulira, mudzawayale mu Okutobala mvula ili pafupi. Ngakhale theka la mapesi ndi lothandiza. Ena amaopa chiswe, koma chiswe chikapeza zouma zokwanira chimatanganidwa nazo, ndipo timabowo take timalowetsa madzi pansi. Amene afuna kupitirira apa angayese ulimi wa mtayakhasu pachigawo chimodzi: osagalauza nthaka, kuphimbira mokwanira, kubzala ndi kamtengo kosongoka, ndi kusinthasintha mbewu. Zaka ziwiri zoyamba udzu umavuta, choncho yambani ndi malo amene mungathe kupalira ndi manja.

Mbewu zamoyo nazonso ndi chophimba. Makolo athu kuno kum'mwera sankabzala chimanga chokha. Ankaphatikiza nandolo, khobwe, maungu ndi nyemba. Nandolo ndi bwenzi la munda wa pamtsetse. Mizu yake imaboola dothi lolimba, masamba ake amayoyoka n'kusanduka chonde, amakhala wobiriwira chimanga chitakololedwa, mitengo yake ndi nkhuni, ndipo ogula ali pafupi, ku Limbe konkuno. Mtengo wa gilisidiya, umene akatswiri akhala akuuyesa pamodzi ndi chimanga ku Makoka m'boma la Zomba kuyambira m'zaka za m'ma 1990, umabzalidwa m'mizere, n'kumadulidwa kawiri kapena katatu padzinja kuti usachite mthunzi, masamba ake n'kukwiriridwa. Umafuna kudekha, chifukwa phindu lake limayamba kuoneka chaka chachitatu. Bulugamu musamuike m'munda kapena pafupi ndi kasupe.

Manyowa amachititsa dothi kumwa madzi ngati siponji. Makoko a mbatata, masamba osesa pabwalo, zitosi za nkhuku, phulusa, madeya oonongeka, zonsezi timataya m'ngalande n'kutseka milatho, chonsecho ndi chakudya cha nthaka. Kumbani dzenje kuseri kwa nyumba, muzisanjikiza zouma, zaziwisi ndi ndowe, n'kumawaza madzi otsukira mbale opanda sopo wambiri. Mapulasitiki ndi mabatire zisalowemo. Alangizi angakuphunzitseninso manyowa a Mbeya, amene amapsa pa masiku 21.

Maswale ndi maenje: abwino, koma osati paliponse

Swale ndi ngalande yokumbidwa motsata mzere wopingasa, yotseka mbali zonse, yoti madzi aimemo n'kulowa pansi. Dothi lofukulidwa limaikidwa chakumunsi n'kubzalapo udzu, nthochi kapena mitengo yazipatso. Ku Zvishavane m'dziko la Zimbabwe kunali mlimi wotchuka, Zephaniah Phiri Maseko, amene anamwalira mu 2015. Iye anasandutsa munda wouma wa m'munsi mwa thanthwe kukhala wa zitsime ndi zipatso pokumba maenje otere ndi kumanga timakoma tamiyala, mpaka anthu ankachokera m'maiko ena kukaphunzira kwa iye.

Komabe pano ndikuchenjezeni ndi mtima wonse. Kwathu kuno mvula ndi yambiri kuposa ku Zvishavane, mapiri ndi otsetsereka, ndipo m'munsi mwa minda muli nyumba za anthu. Dothi la pamtsetse waukulu likamwa madzi mopitirira muyeso limalemera n'kutsetsereka lonse pamodzi. Musakumbe swale pamalo amene ndodo ija yaonetsa masentimita oposa 15. Musakumbe kumtunda kwa nyumba, kwa chimbudzi, kwa khoma, kapena kwa phompho lodulidwa pomanga nyumba. Musakumbe pamene dothi ndi losaya ndipo pansi pali thanthwe. Pamalo oyenera, siyani potulukira madzi osefukira, poyalidwa miyala kapena udzu, polozera kukhwawa lachilengedwe. Ndipo kumbukirani ana: dzenje lodzaza madzi pafupi ndi njira ndi ngozi.

Njira ndi zigwembe

Njira ya anthu yotsika molunjika ndi mayi wa chigwembe. Ikwezeni ikhale pamwamba kuposa ngalande za mizere, ndipo pamtsetse ikhotetseni kapena muike masitepe amiyala.

Chigwembe chigwireni chikadali chofika m'mawondo. Choyamba chepetsani madzi olowamo pokonza kumtunda. Kenako mangani timadamu totchinga, tamiyala, kapena ta zikhomo ziwiriziwiri zolukidwa ndi nthambi, kapena matumba amchenga. Tiyambire kumutu kwa chigwembe kutsika. Kalikonse kasapitirire theka la mita, kalowe ndithu m'makoma a mbali zonse kuti madzi asakazungulire, ndipo pakati pakhale potsika kuposa m'mbali kuti madzi adumphire pamenepo. Pamene madzi akugwera yalani miyala, apo ayi adzafukula pansi n'kugwetsa zonse. Timadamu tambiri tating'ono timaposa limodzi lalikulu. Dothi likayamba kudzaza, bzalanimo vetiva, nsungwi, nthochi kapena nzimbe. Kutayamo zinyalala sikutseka chigwembe, kumangotumiza uve kwa a kumunsi. Chigwembe chozama kuposa munthu, kapena chimene chayandikira nyumba ndi msewu, si cha banja limodzi. Kauzeni amfumu ndi khansala kuti nkhani ifike kukhonsolo ya mzinda.

Madzi a padenga

M'makomboni mwathu madzi ambiri okumba misewu amachokera pamalata. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imapereka lita imodzi. Nyumba ya mamita 8 m'litali ndi 5 m'lifupi, pamvula imodzi ya mamilimita 25, imatsitsa malita 1,000, migolo isanu ya malita 200. Padzinja lonse ndi migolo pafupifupi 200. Ikani chotchera madzi m'mphepete mwa denga, ngakhale cha lata lopinda kapena paipi yong'amba pakati, chilozere mumgolo. Madzi a mvula yoyamba atayeni chifukwa amatsuka fumbi ndi zitosi. Vundikirani mgolo kuti udzudzu usaswane ndiponso mwana asagweremo; akumwa wiritsani kapena thirani mankhwala. Osefukira alozereni kukadimba ka masamba kapena paphata la nthochi, kutali ndi maziko a nyumba ndi chimbudzi. Pabwalo siyani kapinga m'malo mopala paliponse mpaka dothi kuyera.

Pamene khasu siliyenera kufika

Tonse tikukumbukira Malichi 2023. Namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osakata, ndipo matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. M'dziko lonse anthu oposa 600 anatsimikizika kuti amwalira, ndipo ena oposa 500 sanapezeke. Akuluakulu anakumbuka Napolo wa ku Zomba mu 1946 ndi wa ku Phalombe mu 1991. Ambiri a ife tinataya abale, anzathu a kutchalitchi ndi kumzikiti, ana a sukulu imodzi ndi ana athu.

Ndinganame nditanena kuti akalozera ndi vetiva zikanaletsa zimene zija. Mvula yotere imagumula ngakhale phiri la mitengo. Koma phiri lometedwa, lolimidwa mpaka pamwamba, logobedwa miyala ndi kudulidwa kuti pamangidwe nyumba, limagonja msanga. Amene anakula kale mumzinda uno akudziwa kuti Ndirande linali phiri la nkhalango mpaka mitengo inatha m'zaka za m'ma 1990. Pali malo amene njira yokha yowasamalira ndi kuwasiya: pamene munthu polima amachita kugwira pansi ndi dzanja, pamutu pa kasupe, ndi m'mphepete mwa mtsinje, pamene ndi bwino kusiya mamita 10 kapena 15 a udzu, bango, nsungwi ndi mitengo monga mbawa ndi mkuyu. Kulima m'nkhalango yotetezedwa ndi boma n'koletsedwa ndi lamulo la nkhalango la 1997. M'malo otere zitsa zimene zikuphukira zisiyeni, muzipatulire mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu. Chitsa chili ndi mizu kale ndipo chimakula msanga kuposa mbande. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, koma mbande yobzalidwa mu Disembala kapena Januwale ndi imene imapirira chilimwe.

Ndipo ngati mukukhala m'munsi mwa phiri, mukaona ming'alu yatsopano pansi kapena pakhoma, mitengo ikupendekeka, kasupe akutuluka pamene panalibe, kapena madzi a m'khwawa aphwa mwadzidzidzi mvula ikugwabe, tulukani ndi ana nthawi yomweyo, muuzenso anansi. Katundu adzapezeka wina.

Ngati munda ndi wobwereka

Ambiri timalima minda ya lendi, ndipo funso limabwera: ndivutikirenji pamunda wa mwini, amene akaona wakongola adzandilanda? Funso limeneli ndi loona. Kambiranani ndi mwini munda pamaso pa mboni kuti akupatseni zaka zitatu kapena kupitirira, kapena akuchotsereniko mtengo chifukwa cha ntchito ya akalozera. Akakana, chitani zimene zimabweza phindu dzinja lomwelo: mizere yopingasa, ngonyeka, kuphimbira ndi khobwe. Inunso eni minda, wobwereka amene akusamala nthaka yanu musamuthamangitse. Akusungirani chuma cha ana anu.

Kuyeza, kuunga akalozera, kundandalika miyala ndi kutchinga zigwembe ndi ntchito ya Juni mpaka Seputembala, mutangokolola, dothi lisanaumitsitse. Ngonyeka ndi kuyala mapesi zithe chizimalupsa chisanagwe. Vetiva ndi mitengo zimadikira mvula yokhazikika. Ndipo mvula yamphamvu iliyonse ikagwa, pitani mukaone pamene pagumuka, mukonze tsiku lomwelo, pakuti kabowo ka lero ndi chigwembe cha sabata yamawa. Mukafuna thandizo, funsani mlangizi wa zaulimi wa dera limene kuli munda wanu, kapena ofesi ya zaulimi ya boma la Blantyre, kumene kuli a nthambi yoona zosamalira nthaka.

Loweruka likubwerali dulani nsungwi zitatu, muitane mnzanu wolima kumtunda kwanu, mukhome zikhomo za kalozera woyamba.